Ndayamba kuthamanga katatu, ndasiya katatu. Anzanga mumatani?

Kamimba49: Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osalemba kanthu, koma lero ndati ndifunse, paja safunsa anadya phula. Ndili ndi zaka 43, ndimakhala ku Area 49, ntchito yanga ndi yapampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chaka chatha kuchipatala anandiyeza BP n'kupeza 150/95. Adokotala anati ndichepetse mchere komanso ndisamangokhala. Ine ndiye ndinati chabwino, magazi akuthamanga, nanenso ndithamange, tione wofika ndani. Ulendo woyamba ndinapirira masabata awiri, misongolo inayamba kuwawa ngati wina wandikhoma ndi chitsulo, ndinasiya. Wachiwiri inandisokoneza ndi mvula ya mu Januwale. Wachitatu unali wa mu Juni, ndipo kunena zoona palibe chinandiwawa, linangopambana bulangete basi. Nsapato zomwe ndimavala ndi zomwe ndimapita nazo kumsika Loweruka. Kodi vuto ndi nsapatozo? Ngati ndi choncho ndigule zotani, kuti, popanda kugulitsa mbuzi? Nanga a ku Lilongwe mumathamanga njira ziti zomwe akabaza sakupsepsezani? Koma chachikulu n'chakuti mumatani kuti musasiye? Chifukwa mayi akunyumba afika pomangoseka ndikanena kuti mawa ndiyambanso.

Maule_Mpaka_Kale: Bulangete silinagonjepo pakwawo kkkkk

Tsokonombwe: Achimwene, takulandirani. Ndisanayankhe ndifunseko: masabata awiri oyambawo mumathamanga masiku angati pa sabata, mtunda wautali bwanji, ndipo mumatha kulankhula muli paliwiro?

Kamimba49: Tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Makilomita mwina 5. Kulankhula? Ngakhale munthu akandipatsa moni ndinkangokweza dzanja, mpweya wake ndiutenga kuti.

Tsokonombwe: Basi, wakubayo tamupeza, ndipo si nsapato. Munthu woti watha zaka 20 ali pampando, n'kudzuka tsiku limodzi kuyamba makilomita 5 masiku 6 pa sabata, pa phula, paliwiro loti moni sangayankhe, miyendo iyenera kudandaula. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pakangotha masabata ochepa mumamva ngati mwalimba. Mafupa ndi mitsempha ndiye amachedwa, amafuna miyezi. Pakati pamenepo m'pamene anthu ambiri amavulalira.

Ine ndinayamba ndili ndi zaka 39, pano ndili ndi 51. Chimene chinandithandiza ndi ichi: masiku atatu okha pa sabata, osatsatizana. Mphindi 30. Kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda ziwiri, kuthamanganso imodzi, choncho mpaka nthawi itakwana. Sabata yachitatu muzithamanga ziwiri n'kuyenda ziwiri. Muzingowonjezera pang'onopang'ono mpaka mudzaone kuti kuyenda kuja simukukufunanso. Liwiro lake likhale loti mutha kufotokozera mnzanu nkhani ya maliro a kumudzi osadukiza. Mukaona kuti mawu akutuluka awiriawiri, mwachulutsa, bwererani. Mudzachita manyazi chifukwa amayi osenza nkhuni azikupitirirani. Alekeni apite, si mpikisano.

Mfumu_ya_Belo: Big Tsokonombwe mwanena zoona koma nsapato musazichotseretu pamlandu. Nsapato yopita nayo kumsika ndi ina, yothamangira ndi ina. Ine ndimagulitsa za kaunjika zaka zambiri, ndikuuzeni mmene mungasankhire osapusitsidwa, ngakhale ndi ineyo. Musayang'ane pamwamba, pamwamba timachapa ndi burashi n'kuwala ngati zatsopano. Yang'anani siponji ya pakati ija. Ngati ili ndi makwinya ambiri ngati chipumi cha agogo, yatha ntchito, mwini wake anaithamangira kale kwawoko. Ikanikizeni ndi chala, izibwerera. Kenako ikani nsapatoyo pamalo osalala muyang'ane chakumbuyo, ikapendekera mbali imodzi isiyeni, idzakupendeketsani bondo. Onani ngati soli sanaimate ndi guluu. Ndipo yang'anani saizi ya zonse ziwiri, m'belo mumatuluka zodabwitsa, ina 43 ina 44 koma zofanana mtundu. Pitani masana kapena madzulo phazi litafufuma, mutavala sokosi yomwe muzithamangira. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja. Asics, Brooks, Saucony, New Balance, Mizuno zimapezeka, ndipo nthawi zina zimatchipa kuposa Nike chifukwa anyamata ovalira swaga samazidziwa.

Chiperoni: Apa ndiye nditsutse. Ndalama zomwe mumataya pa kaunjika katatu pachaka mukanagula imodzi yatsopano. Nsapato yothamangira moyo wake ndi makilomita 500 mpaka 800. Ya kaunjika mudziwa bwanji kuti yayenda kale angati? Ine ndinagulapo ina yooneka bwinobwino, patatha mwezi bondo linatupa.

Mfumu_ya_Belo: Yatsopano yake iti bwana? Zambiri zomwe zili m'mashopu ang'onoang'ono umu ndi zofanizira, dzina lokha lalikulu koma pansi pake pulasitiki youma gwa. Bola ya kaunjika yeniyeni yoti yayendako kusiyana ndi yatsopano yabodza.

Chiperoni: Pamenepo sindikana. Ine ndimatumiza kwa mlamu wanga ku Joni.

Mfumu_ya_Belo: Ndiye aliyense ali ndi mlamu ku Joni? Tibwerekeniko wanuyo.

MwanaWaLikhubula: Ine nkhani za nsapatozi zimandiseketsa. Bwerani ku Mulanje mu Julayi mudzaone Porters Race. Kuyambira pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa kupita ku Lichenya, n'kutsikanso, makilomita opitirira 20 a miyala, mizu ndi mitsinje. Mpikisanowu unayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo m'phirimo, kenako anautsegulira aliyense. Ena amathamanga opanda nsapato, ena ndi timapulasitiki, ndipo otsogola amatsika patangodutsa maola awiri pamene alendo a nsapato zodula akadali kumwamba kupemphera. Abebe Bikila anapambana marathon ya Olympics ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Mwendo ndi mwendo basi.

Nesi_wa_Usiku: A Likhubula, musawanamize bambowa. Anyamata mukunenawo phazi lawo lakulira m'phiri, akwera ndi katundu pamutu kuyambira ali ana. A Kamimba phazi lawo lakulira mu sokosi. Akavula nsapato pa phula la ku Area 49 tikumana nawo kuchipatala ali ndi botolo losweka kuphazi.

Koma ine chimene chandidzutsa ndi 150/95 ija. Bambo, ngati anakupatsani mankhwala musasiye kumwa chifukwa choti mwayamba kuthamanga. Timawaona ambiri, atsika makilogalamu atatu n'kudzilamula okha kuti achira, kenako abwera ali pa machira. Kusiya kapena kuchepetsa mankhwala anene ndi amene anakulemberani, atakuyezaninso. Muwauzenso kuti mukufuna kuyamba kuthamanga. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, imani pomwepo, musati ndimalize kaye. Mukakhala ndi malungo kapena thupi likutentha, musatuluke n'komwe, zoti "ndikatulutse thukuta malungo athe" ndi bodza. Za misongolo, ululu wofalikira womwe umatha mukapuma masiku angapo ndi wa kuchulutsa, monga anenera a Tsokonombwe. Koma ukakhala pamalo amodzi oti mutha kuloza ndi chala, ndipo ukuwawa ngakhale poyenda kapena usiku, kaonetseni, fupa limatha kuchita kamng'alu. A WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera apakatikati, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa momwemo. Ndiye masiku omwe simukuthamanga, yendani.

MwanaWaLikhubula: Anesi ndagonja. Koma abwerebe adzaonerere.

Kamimba49: Zikomo anesi. Mankhwala ndikumwa, ngakhale ndivomere kuti maganizo osiyawo anandifikirapo. Nanga za njira?

Fulu_wa_pa25: Inu muli pabwino kale, Bingu Stadium ili pakhomo panu. M'mawa anthu amakhala ambiri chakumeneko, oyenda, othamanga, ena a ma aerobics, simukhala nokha. Kwa woyamba kumene ndi bwino kuzungulira malo amodzi, chifukwa mukatopa kwanu ndi pafupi. Mukalimba muzilowera ku City Centre: kudutsa pa 18, kutsata Presidential Way, kuona Nyumba ya Malamulo ndi chiliza cha Kamuzu, kukwera ku Capital Hill. Lamulungu m'mawa kumeneko kumakhala zii, msewu ngati wanu. Misewu yomwe anaikuza ija ili ndi poyenda anthu apansi, ngakhale akabaza ena amaona ngati anawamangira iwowo. Koma pa misongolo yanuyo funani dothi. Bwalo la mpira la pasukulu iliyonse ya pulayimale ndi mankhwala, pansi pake ndi pofewa kuposa phula.

Tsokonombwe: Ndiwonjezere pa a Fulu. Pamsewu wopanda poyenda apansi, thamangani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto, popeza kuno amayenda kumanzere. Chokugundani muzichiona chikubwera. Kukadali mdima valani chowala, tima vesiti tonyezimira ta akabaza tija n'totchipa ndipo timagwira ntchito. Zam'makutu siyani kunyumba, kapena khutu limodzi lokha. Njinga yamoto yopanda nyali imamveka kokha, sioneka.

Maule_Mpaka_Kale: Ine ndinavala kavesiti kameneko, mayi wina anandiimitsa kuti ku Nsungwi ndi zingati

NyerereYeniyeni: Munawanyamula? Bola mupezeko ndalama, timu yanu ija sikupatsani chimwemwe

Maule_Mpaka_Kale: Werengani zikho za ligi kaye, mukamaliza mubwere tilankhule. Bullets si saizi yanu.

NyerereYeniyeni: Mbiri yakale sidyetsa mwana. Tikumana pa Kamuzu Stadium.

Woyang'anira_Gulu: Inu awiri, za mpira zili ndi gulu lake. Kuno timathamanga opanda mpira. Tibwerere kwa a Kamimba.

Mai_a_Mapasa: Abambo mwalankhula za akabaza, koma palibe watchula zomwe timakumana nazo ife azimayi. Ine ndimakhala ku Blantyre. Ndinayamba kuthamanga mapasa anga ali ndi chaka, thupi litandilemera, tulo tosowa. Tsiku loyamba ndinavala taiti, anyamata a pa siteji ya minibasi anandikuwiza mpaka ndinabwerera panjira ndikulira. Ndinatha mwezi osatuluka. Kenako ndinamuuza mnzanga wa kukwaya, iye n'kuti tiyeni tonse. Lero tilipo asanu ndi mmodzi, timakumana 5 koloko, timatsata Chipembere Highway kuchokera cha ku Ginnery Corner kulowera ku Chichiri, masiku ena mpaka ku Limbe. Akatikuwiza timawakuwizanso, ndipo ena mwa omwe ankatisekawo pano amatipatsa moni. Ena mwa ife amamanga kachitenje pamwamba pa taiti, ena kasiketi, aliyense mmene akumasukira.

Kwa azimayi omwe mukuwerenga mwakachetechete: musanagule nsapato yodula gulani bra yamasewera yogwira bwino, ya kaunjika imapezeka. Pakani Vaseline m'ntchafu ndi pomwe lamba wa bra amadutsa, apo ayi posamba mudzaimba nyimbo. Musathamange nokha kumdima, musamadutse njira imodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo wina kunyumba azidziwa komwe mwalowera.

A Kamimba, funso lanu lalikulu lija yankho langa ndi limeneli. Ine sindidzuka chifukwa chokonda kuthamanga. 4:30 palibe amene amakonda kanthu. Ndimadzuka chifukwa ndikudziwa kuti pageti paima munthu akunjenjemera ndi chisanu chifukwa cha ine, ndipo ndikapanda kutuluka nkhani ifika kukwaya.

Chiperoni: Mayi mwalasa. Koma a ku Lilongwe asamadandaule za kuzizira, sanaone chiperoni cha mu Juni, kamvula kosalekeza kaja ndi nkhungu, uku ukukwera chitunda. Kuno ku Blantyre njira yosalala kulibe. Ukatsika dziwa kuti pobwerera ulipira. Loweruka ife timapita ku Michiru kapena kukwera Soche, miyendo imalimba yokha.

Fulu_wa_pa25: N'chifukwa chake mukabwera kuno ku Lilongwe ku mpikisano wa Be More Race mumatipitirira pa zitunda ngati taima.

Kamimba49: Vaseline ameneyu ndi wa azimayi okha? Ndikufunsira mnzanga.

Mjoni_wa_Durban: Kkkk muuzeni mnzanuyo kuti ayi. Mukadzafika pa makilomita 15 kupita m'tsogolo mutavala tisheti ya thonje, nsonga za mabere zimakhuzuka mpaka magazi. Thonje limamwa thukuta n'kulemera ngati chiguduli. Pezani tisheti yopepuka ngati jezi ya mpira, ndi sokosi zosakhala za thonje kuti mupewe matuza.

Ine ndinabwera kuno ku Durban kudzagwira ntchito, za kuthamanga sindinkazidziwa. Abwana anga ndi amene ankathamanga Comrades, ine ntchito yanga inali kuwadikirira m'mbali mwa msewu ndi botolo ndi mbatata yowaza mchere. Kwa omwe simuudziwa, ndi mpikisano wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, unayamba mu 1921. Chaka china amakwera kuchokera ku Durban, chaka china amatsika. Amakupatsa maola 12. Akakwana, mkulu wina amafulatira othamangawo n'kuomba mfuti, ndipo ngakhale utatsala masitepe atatu, mendulo palibe. Ndinaona bambo wina wa imvi akukwawa chokwawa kuti afike, anthu osamudziwa akumukuwira. Ndinabwerera kunyumba ndili phee. Mawa lake ndinathamanga kuzungulira mdadada wathu, ndinasanza. Panatenga zaka zinayi kuti ndiime pamzere woyambira. Ndamaliza kawiri, konse kupitirira maola 11. Zikhadabo zakuphazi ziwiri sizinamerenso bwino. Chimene ndinaphunzira n'choti ngakhale kumeneko anthu wamba amayenda pa zitunda, pa Polly Shortts pafupifupi aliyense wa gulu lathu amayenda. Ndiye musaone ngati kuyenda kuja akunena a Tsokonombwe ndi kwa ofooka. Lembetsani kampikisano ka makilomita 5 kapena 10, lipirani ndalama, lembani deti pakalendala ya pabalaza pomwe mayi akunyumba aziliona. Ndalama yolipira kale imadzutsa munthu kuposa alamu.

Tsokonombwe: Mjoni, ulemu wanu pa Comrades, koma pa zolembetsa mpikisano ndisiyana nanu pang'ono. Ndaona anthu ambiri akukonzekera mpikisano miyezi itatu, alandira mendulo, ajambulitsa, aika pa Facebook, basi nsapato pansi pa bedi mpaka chaka chamawa. Bambowa vuto lawo ndi BP, ndipo BP sidziwa kuti mpikisano unatha. Akufunika chizolowezi choti chikhalepo ngakhale kulibe mendulo.

Mjoni_wa_Durban: Ndiye ukatha wina umalembetsa wina madala

Tsokonombwe: Kwanuko mipikisano ili sabata iliyonse. Kuno tikawerenga Be More ku Lilongwe, marathon ya ku Blantyre, Porters ku Mulanje ndi ina yochepa, zala za dzanja zimatsalako.

Wakumangalande: Pamenepa m'pamene ndimasirira parkrun. Kuno ku Mangalande Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa, m'paki, makilomita 5, ulere. Inayamba mu 2004 ku Bushy Park ku London ndi anthu 13 okha. Amabwera agogo, amayi okankha ana, othamanga zenizeni, onse pamodzi. Chomwe chimandisangalatsa n'choti amaika munthu wodzipereka woyenda kumbuyo kwa onse, ndiye palibe amene amakhala womaliza. Ine ndinayamba kumeneko nthawi yozizira, mdima ukugwa 4 koloko masana, ndikungochoka kuntchito kupita kukagona, osalankhula ndi munthu. Sindinapite chifukwa cha thanzi, ndinapita kuti ndikamve munthu akunditchula dzina. Zoterezi sizifuna ndalama, mutha kungopangana anthu khumi pa bwalo la sukulu Loweruka lililonse, wina agwire wotchi.

Maule_Mpaka_Kale: Kuno mukati ulere anthu afunsa kuti alawansi ilipo?

NyerereYeniyeni: Apa pokha ndagwirizana ndi Maule

Mai_a_Mapasa: Koma nkhani ina yomwe imabweza anthu m'mbuyo ndi pakamwa pa abale. Nditatsika thupi apongozi anga anaitanitsa mwana wawo kumbali kumufunsa ngati tinakayezetsa. Kumudzi ankati ukwati wandivuta. Kwathu kuno kunenepa ndiye umboni woti ukusungidwa bwino. A Kamimba konzekerani, kamimbako kakayamba kuphwa anthu ayamba kunong'ona kuti ntchito yatha kapena mwadwala.

Kamimba49: Zimenezo zinayamba kale mayi. Aneba anandifunsa kuti "akukuthamangitsani ndani m'mawa uliwonse, angongole?" Mlonda wa pafupi nafe amaimirira n'kuchita sawatcha ndikamadutsa, sindidziwa ngati ndi ulemu kapena chipongwe.

Fulu_wa_pa25: Ana a kwathu amanditsatira akuimba "wani thu, wani thu" mpaka pa mjigo. Poyamba zinkandinyansa, pano ndimawawerengera ngati timu yanga.

Zomba_Ndi_Kwathu: Ndachedwa kulowa koma ndisaphonye kuitanira malonda a kwathu. Amene sanathamangepo pa phiri la Zomba sanalawe kukoma kwake. Kuchokera m'tauni kukwera msewu wa ku Ku Chawe ndi chitunda chokhachokha, woyamba kumene asayerekeze. Koma mutha kukwera pagalimoto n'kukathamanga pamwamba: kuzungulira damu la Mulunguzi, kupita ku Williams Falls, olimba mpaka ku Emperor's View kapena ku Chingwe's Hole. Njira zadothi, mthunzi wa paini, mphepo yozizira ngakhale mu Okutobala pamene kumunsi anthu akupsa. Potsika mumagula mastroberi ndi nthochi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Chenjezo langa ndi pa kutsika. Anthu amaopa kukwera, koma chimene chimapha mawondo ndi ntchafu ndi kutsetsereka mothamanga. Masitepe afupiafupi, osaponya mwendo kutali. Ndipo nkhungu ikagwa musapatuke panjira yomwe mukuidziwa.

Chiperoni: Nanga agalu a ku Lilongwe palibe akuwatchula? Ndinagona ku Area 47 tsiku lina, ndinathamanga liwiro lomwe Strava, pulogalamu yoyeza kuthamanga ija, mpaka lero imati ndi rekodi yanga.

Nesi_wa_Usiku: Musamathamangitsane ndi galu, simungamupose. Imani, mutembenukire, bwererani pang'onopang'ono. Kuwerama ngati mukutola mwala agalu ambiri a kuno amakumva. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Musadikire kuti muone ngati galuyo apenge.

Kamimba49: Strava imeneyi ndiyofunika? Nanga wotchi zija zodula?

Tsokonombwe: Kwa inu pakali pano wotchi iliyonse yowerenga mphindi yakwana. Strava ndi yaulere pafoni, imathandiza kuona mtunda, koma ili ndi msampha. Mumayamba kuthamangira anthu oti akuoneni. Tsiku lofunika kupita pang'onopang'ono mumakankha chifukwa mukuopa kuti anzanu aona liwiro la kamba. Mukaiika, bisani pomwe mumayambira kuti anthu asadziwe geti lanu. Foninso musamaigwire m'manja kumdima, ikani m'kalamba ka m'chiuno mkati mwa tisheti. Ine ndinalandidwapo ina m'bandakucha, anyamata awiri pa njinga, ndipo ndinali nditatopa moti sindinayese n'komwe kuwathamangitsa.

Chiperoni: Ine popanda Strava sindikanapitiriza. Kuona makilomita a mwezi akukwera kumandipatsa mphamvu. Anthufe tinasiyana.

MwanaWaLikhubula: Henry Moyo anathamanga 2:18:40 pa marathon ya ku Blantyre mu 2003, zitunda zonse zija, Strava kunalibe. Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004. Nsima ndi mtima basi.

Maule_Mpaka_Kale: Mwatchula nsima. Funso lenileni ndi limeneli: tidye mitanda ingati?

Mjoni_wa_Durban: Usiku idyani nsima yanu mwachizolowezi. A ku Kenya omwe amaphwanya marekodi aja chakudya chawo ndi ugali, yomwe ndi nsima yomweyi. M'mawa ngati mukuthamanga zosapitirira ola, madzi pang'ono ndi nthochi imodzi zakwana, ena amapita osadya kanthu. Mukabwerako phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata ndi tiyi. Pa mtunda wautali nyengo yotentha ine ndimasungunula Thanzi ORS m'botolo, ndimachita kuitanitsa kumudzi.

Nesi_wa_Usiku: ORS ili ndi mchere, a Kamimba ndi BP yawo pa mphindi 30 sakuifuna. Madzi okha. Ndipo musadzilipire ndi tchipisi cha pachiwaya ndi mowa chifukwa choti mwathamanga, mimba siinamizidwa.

Kamimba49: Anesi mumakhala ngati mumandiona.

Fulu_wa_pa25: Ndinene changa chimene chinandichotsa pa yambe-siye, chifukwa nanenso ndinali ngati inu. Ndinapangana ndi mtima wanga kuti ntchito yanga ndi kuvala nsapato ndi kufika pa mjigo basi, mphindi zisanu. Ndikafika pamenepo ndikufunabe kubwerera, ndibwerere popanda mlandu. Pa zaka zitatu ndabwererapo kawiri kokha, ndipo kamodzi anali malungo. Zovala ndimayala pampando usiku, foni ya alamu ndimaisiya patali ndi bedi. Ndikaphonya tsiku sindilipira pothamanga kawiri mawa lake, ndimangopitiriza pomwe ndinasiyira. Kale ndikaphonya masiku atatu ndinkati basi zawonongeka, ndidzayambanso pa 1. Pa 1 pakewo sipankafika. Nyengo ya mvula ndimayang'ana kumwamba, kukakhala ziphaliwali sindituluka, koma kamvula wamba ndimalowamo, pobwera ndimaika manyuzipepala m'nsapato kuti ziume. Musaziyanike pamoto, guluu amasungunuka.

Mfumu_ya_Belo: Komanso musaziyanike pampanda poonekera. Zina zimene zimabwera kudzagulitsidwa kwa ife zimakhala zisanaume n'komwe.

Woyang'anira_Gulu: A Kamimba, malangizo achuluka, ena akutsutsana. Mwatolapo chiyani?

Kamimba49: Pepani ndinasowa masiku angapo. Loweruka ndinapita ku msika wa Tsoka masana, ndinachita zonse zomwe ananena a Mfumu, mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndine wa kaunjika mnzake. Ndinapeza Asics ya 44, ine ndimavala 43. Lolemba ndi Lachitatu ndachita za mphindi imodzi ndi ziwiri zija pa bwalo la sukulu. Kunena zoona zikundichititsa manyazi, ndikumaliza ndisanatope, ndipo pali agogo ena oyenda ndi ndodo omwe tikumafika limodzi. Misongolo ili zii. Mayi akunyumba akuti aona ikakwana miyezi iwiri, ndipo alonjeza kuti ndikafika Disembala ndisanasiye, agula nsapato zawo. Chatsala ndi munthu wa pageti uja ananena Mai a Mapasa. Alipo wa ku 49, 47 kapena 25 woti tizidzutsana?

Fulu_wa_pa25: Ine ndilipo. Lachisanu 5:15 pageti lalikulu la stediyamu. Ndivala kavesiti kobiriwira. Mukachedwa ndi mphindi khumi ndilemba pagulu pano kuti bulangete lagoletsa chachinayi.

Tsokonombwe: Ndibwera nanenso, koma ndikaona wina akuthamanga osatha kuyankha moni ndimubweza kunyumba.

Maule_Mpaka_Kale: 5:15 ya m'mawa?

Fulu_wa_pa25: Eya.

Maule_Mpaka_Kale: Ndiye mundijambulireko zithunzi, ndiziona ndikadzuka.

Kamimba49: A Fulu, kavesiti kobiriwira pamenepo akabaza amakhalapo khumi. Ndikudziwani bwanji?

Fulu_wa_pa25: Amene alibe njinga ndi ineyo.